Lachitatu la Telala

Pasipoti ya Eveless Benedicto inabedwa anthu atatsinzina, ali pakati pa pemphero. Pa ntchito yanga yofufuza milandu muno mu Lilongwe ndakumana ndi akuba matayala, akuba mbuzi, ngakhale akuba nkhata za kumanda, koma munthu wodikira kuti anzake atseke maso pamaso pa Mulungu ndiye anandinyansa kuposa onsewo. Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwira.

Amene anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa anali a Wiza Chitemwa, kochi wa mtsikanayo, bambo wa ku Rumphi wogwira ntchito ya boma ku Capital Hill. Eveless amakhala kwa iwo ku Area 11, m'kanyumba ka kuseri. Ngati mumalawira munamuonapo: mtsikana wochepa thupi wa ku Malingunde, wothamanga mumsewu minibasi zisanayambe kuyenda. Chaka chino anasiya m'mbuyo akatswiri a kunja pa mipikisano ya mtunda wautali, moti amene amapereka mphoto chaka ndi chaka kwa othamanga mumsewu a dziko lonse lapansi anamuitana ku Ulaya kuti akalandire mphoto ya katswiri wongotulukira kumene. Mwambowo unali wa Loweruka. Tikiti anamugulira okha, yosasinthika tsiku, ndipo viza inali m'pasipoti yosowayo.

Ndinamupeza atakhala pa sutikesi, atagwira tsaya. Pambali pake panali mayi ake aang'ono, a Alinesi, amene anachokera kumudzi kudzamuperekeza.

"Envulopu ya pasipotiyo ndinaimanga ndekha pansonga ya chitenje, amayi apolisi," anatero a Alinesi. "Lamlungu lija, titangoti ameni. Kufika kuno ndaiika m'sutikesi, n'kukhoma, kiyi ndimagona naye m'khosi. Lero ndati mwana tione ngati zonse zilimo, kutsegula envulopu, taonani zimene zatulukamo."

Anandipatsa kachidutswa ka katoni koyera, kodulidwa molingana ndi pasipoti. M'mbali mwake munali mano ngati a sowo, ndipo pakona panali timabowo ta mapini.

"Pasipoti inakatani kumapemphero?" ndinafunsa.

"Amayi anati ikadalitsidwe," anayankha Eveless ndi mawu apansi. "Mapemphero anali ku Area 9, kwa a Nasoni, a tcheyamani a kalabu yathu. Tinaiika patebulo m'envulopu ya kalabu, abusa n'kupemphera."

"Pemphero lalitali?"

"Abusa amenewo akayamba sayang'ana wotchi, mama," anatero a Wiza. "Pafupi ndi tebulo tinalipo tonse: ine, a tcheyamani, amayi awa, abusa. Maenvulopu otere aliyense wa m'komiti ali nawo, inenso ndili nawo. Mukafuna kusecha yambani ndi ine. Koma mwana uyu ndathamanga naye pa njinga mumvula, m'fumbi, ndiye lero ndimubere ine?"

"Ndege ndi ya liti?"

A Alinesi anasuzumira pazenera, natseka chitseko, n'kufika pakhutu panga. "Lachinayi masana," ananong'ona. "Kwathu munthu salengeza tsiku lonyamuka. Mitima ya anthu simuidziwa, wina akhoza kukutsekera njira. Odziwa ndife atatu muno, inu ndinu wachinayi. A tcheyamani andifunsa mpaka atopa, ine ndimangoti Mulungu akalola."

Sindinaseke, chifukwa amayi anga omwe amanyamuka kupita ku Dedza atauza oyandikana nawo kuti akupita kuchigayo. Ndinaika katoniyo m'thumba. Eveless anandigwira mkono pakhomo.

"Amayi, pasipoti ina singatuluke Lachinayi lisanafike?"

"Pasipoti mwina, koma viza ayi," ndinamuuza zoona. Anandisiya mkono pang'onopang'ono.

*

Ofesi ya a Frazer Nasoni ili pamwamba pa nyumba ina ku City Centre. Khoma lonse ndi zithunzi: a Nasoni pabwalo la ndege, a Nasoni pahotela, a Nasoni atavala tirakisuti ya kalabu, zipi ikulimbana ndi mimba. Ndinafunafuna ndi maso wothamanga ngakhale mmodzi, ndinangopeza phazi la munthu m'mphepete mwa chithunzi china.

"Ofisala, khalani pansi," anatero, akundilozera mpando ndi kiyi wa galimoto. "Nkhaniyi yandipweteka, shuwa. Mwana uja ndamulera ine. Nsapato zake zoyamba amene anasayinira ndine."

"Pa nthawi ya pemphero munali pati?"

"Nditagwada, maso otseka. Ine ndine mkulu wa mpingo, ofisala."

"Envulopu anaichotsa patebulo ndani?"

"Ineyo, monga mwini nyumba. Ndinaipereka m'manja mwa amayi aja anthu onse akuona. Koma musataye nthawi ndi ine. Funsani Lisa. Mtsikana ameneyo anali nambala wani wa kalabu mpaka Eveless atabwera. Atsikana ndi nsanje, inuyo mukudziwa bwino."

Ndinalemba dzina la Lisa m'kabuku kanga.

"Komiti takambirana kale pafoni," anapitiriza. "Mbendera ya dziko singasowe woinyamula. Mawa ndege ikanyamuka popanda mwanayu, ine ndidzipereka, ndinyamuke Lachisanu pa tikiti ya kalabu, ndikamulandirire mphotoyo. Ndili bize, koma nanga tichita bwanji? Mwamwayi viza ndili nayo kale ya maulendo a bizinesi."

"Mwati mawa?"

"Mawa, Lachitatu. Nthawi yatha, ofisala, gwirani mtsikana uja."

Ndisanamalize kutsika masitepe ndinali nditaimbira kale a Alinesi. "Amayi, alipo amene munamuuza kuti ndege ndi ya Lachitatu?"

Anaseka koyamba tsiku limenelo. "Lachitatu? Ameneyo ndi telala. Nanga telala mungamuuze tsiku lenileni, amayi? Mungakwere ndege ndi diresi lopanda manja."

"Palibenso wina?"

"Telala yekha, Abdulwahab wa ku Old Town."

*

Lisa amagulitsa m'kagolosale ka pafupi ndi depoti, ndiye ndinayamba ndadutsira kwa iye. Ndi mtsikana wamtali, wa miyendo ngati mitengo ya bulugamu, ndipo maso anali atafiira.

"Mwabwera kudzanditenga, madamu? Tiyeni. Pagulu la kalabu pafoni a tcheyamani alemba kale kuti pakati pathu pali njoka. Abwana anga awerenga, akuti mawa ndisabwere."

"Ndabwera kudzafunsa. Eveless mumamuchitira nsanje?"

"Ine? Pa mpikisano ndine ndimathamanga patsogolo pake kumukokera liwiro, ndikatopa n'kumusiyira msewu. Akapambana ndimalira kuposa iyeyo. Komanso pa pempheropo sindinalipo n'komwe. Ife othamanga tikaitanidwa ku Area 9 ndiye kuti kuli mbale zofunika kutsuka. Ndinali kukhitchini ndi mayi Nasoni, manja ali m'sopo. Ameni ndinamumvera pazenera."

Ndinamuuza kuti atseke foni, akakhale kwa a Wiza ku Area 11 mpaka nditamuitana, ndipo asayandikire Area 9.

Abdulwahab amasokera pakhonde la sitolo ya nsalu, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Diresi la Eveless linali pahang'ala, lakuda ndi lofiira ndi lobiriwira, latsala kupinda m'munsi. Pambali pake panali suti ya imvi, yotakata pamimba.

"Diresili munauzidwa kuti likufunika liti, bambo?"

Analavulira mapini m'dzanja. "Mayi uja anati Lachitatu, ndege ya masana. Wallahi, makasitomala onse amandinamiza, ine ndimadziwa. Akati Lachitatu ndiye kuti kampata kalipo. Koma ndisoka, mwana ameneyu watichotsa manyazi."

"Alipo anakufunsani za tsikuli?"

"Mwini suti iyi. A Nasoni. Anandifunsa kuti mayi uja wati diresi alifuna liti, ine ndinawauza zimene mayi ananena. Sanandifunse ngati ndikukhulupirira."

"Suti anaoda liti?"

"Kalekale, mwezi watha. Anati ili ndi ntchito ya kunja, isokedwe ngati ya kusitolo."

Mwezi watha pasipoti inali isanasowe. Eveless anali akudzukabe mumdima kukathamanga, munthu uyu akuyezetsa mimba. Ndinatulutsa katoni ija n'kuiika pa makina.

Abdulwahab anaitembenuza, nkhope n'kusintha. "Mano awa ndi a sizasi yanga. Loweruka a Nasoni anabwera ndi shati yatsopano ya m'pepala kuti ndifupikitse manja. Ine ndili pa makina, ndikumva kokoto kokoto kumbuyo, kucheuka, bambo wamkulu akudula katoni ya m'shatimo ndi sizasi yanga ya mano. Sizasi ya nsalu kudulira katoni! Ndinalankhula, anati ndi za kuofesi. Mpaka pano ikutafuna nsalu, yabuntha."

"Yotsala ya katoniyo ili kuti?"

Anapisa dzanja m'thumba la zigamba pansi pa tebulo. Telala sataya kanthu. Anatulutsa katoni yaikulu yokhala ndi bowo pakati, ndipo kachidutswa kanga kanalowamo, dzino ndi dzino.

*

Ndikanatha kubwerera ku City Centre pomwepo ndi unyolo, ndipo manja anali akuyabwa. Koma ine sindinkafuna a Nasoni, ndinkafuna pasipoti. Munthu wotere ukamudzidzimutsa amakana mpaka kukhoti, pasipoti itapsa kale pambaula kapena itagwera m'chimbudzi. Mlandu ndikanapambana chaka chamawa, Eveless atakhalabe pa sutikesi.

Ndinapita ku Area 9 mwini nyumba akadali kuofesi. Mayi Dinah Nasoni, mzimayi wofatsa wa nkhope yotopa, anavomereza kuti Lisa sanatuluke m'khitchini mpaka alendo atayamba kutsanzika. Anandionetsa kachipinda ka kugalaja kumene othamanga amasiya zikwama zawo, ndipo ndinakhuthula chilichonse iwo akuona. M'chikwama cha Lisa munali nsapato zong'ambika, masokosi ndi botolo la madzi, basi.

"Kiyi wa muno amasunga ndani?"

"Bambo. Uyu ndi wapadera, samadziwa kuti ndili naye."

"Ndikupempheni, asadziwe kuti ndinabwera."

"Za kalabu ine ndi bambo sitikambirana," anatero, n'kukhoma chitseko.

Ndili m'galimoto ndinaimbira a Nasoni ndi mawu aulemu kwambiri amene ndili nawo.

"Bwana, Lisa ndamufunsa, ndikumukayikiradi. Koma pali kavuto. Aliyense amene anali pa mapemphero aja satuluka m'dziko muno mpaka pasipoti itapezeka. Mayina ndapereka kale kubwalo la ndege."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale abusa, bwana."

"Ofisala, ine ndili ndi ndege Lachisanu."

"Ndiye tipemphere kuti ipezeke lisanafike Lachisanu."

Ndinadziwa chimene ndinkachita. Kuti anyamuke, pasipoti inayenera kupezeka. Kuti Eveless asanyamuke, inayenera kupezeka ndege yake itapita. Ndipo ndege ya m'mutu mwa a Nasoni inali ya Lachitatu. Zonse zinadalira bodza la mayi wa ku Malingunde kwa telala wake, komanso kuti munthu wina asalakwitse n'kutchula tsiku lenileni.

Lachitatu linali lalitali. Ndinauza a ku Area 11 kuti aliyense wofunsa amuyankhe kuti ulendo walephereka, basi. Eveless sanafunike kunamizira kulira. Masana ndege ina itadutsa pamwamba anatuluka panja n'kuiyang'ana mpaka inabisika m'mitambo.

"Nanga akaiwotcha, amayi?" anandifunsa.

"Akaiwotcha iyenso sapita," ndinayankha. Koma sindinali wotsimikiza ngati mmene mawu anga ankamvekera. Munthu woba pa pemphero simungamuwerengere maganizo.

Madzulo a Wiza anatsegula wailesi pa nkhani zamasewero, ndipo a Nasoni anali momwemo, akulankhula ngati ali pamaliro. Anati dziko lataya mwayi chifukwa cha kaduka ka atsikana, koma iwo ngati kholo adzipereka kukachotsa manyazi. Dzina la Eveless analitchula kamodzi, lawo ndinasiya kuwerenga. A Wiza anazimitsa wailesiyo mwamphamvu moti batire linagwa pansi, ndipo foni yanga tsiku limenelo sinalire.

*

Inalira Lachinayi m'mawa, ndili pakati pomwa tiyi. Anali a Nasoni.

"Ofisala, Mulungu ndi wamkulu. Bwerani ku Area 9 msanga. Yapezeka."

Ndinaimbira a Wiza kuti alongedze sutikesi m'galimoto, adzere ku Old Town kukatenga diresi, akaime panja pa geti la a Nasoni, magalasi otseka. Ine ndinatenga wapolisi mnzanga n'kutsogola.

Tinawapeza pagalaja atavala shati yoyera yatsopano, mizere ya m'pepala ikuonekabe pachifuwa. Chikwama cha Lisa chinali pansi, chotsegula, ndipo pamwamba pa masokosi panali pasipoti.

"Mtima unangondiuza kuti ndiseche zikwama za anawa," anatero. "Taonani. Ndinakuuzani ine. Zachisoni kuti yapezeka ndege itapita, koma bola nkhani yatha. Mayina aja kubwalo la ndege muwachotse lero, eti?"

Ndinaitola, n'kutsegula. Nkhope ya Eveless inalimo, viza inalimo, palibe tsamba long'ambika. Ndinaijambula ndi foni tsamba ndi tsamba pamaso pa mnzanga uja. Abwana anga akanakonda kuti ikagone m'kabati ya umboni, koma zimenezo ndinati ndikayankha ndekha.

"Poti yapezeka, bwana, bwanji Eveless apite pa tikiti ya kalabu ya mawa ija?" ndinafunsa, chifukwa ndinkafuna kumva ndi makutu anga.

"Aa, sore, ofisala. Tikitiyo ili m'dzina langa, sasintha. Mwana akadali wamng'ono, mwayi wina udzabwera."

"Titsegulireni geti," ndinatero.

Galimoto ya a Wiza inali pomwepo. Anayamba kutuluka ndi Lisa, kenako a Alinesi, kenako Eveless, atavala diresi lakuda ndi lofiira ndi lobiriwira, ulusi wa Abdulwahab ukulendewerabe m'munsi. Ndinamuika pasipoti m'manja.

"Fulumirani, ndege ya masana sidikira," ndinatero.

A Nasoni anaseka kuseka kopanda mawu. "Ndege yanji? Ndege inapita dzulo."

"Ndege ya Eveless ndi ya lero, bwana."

"Ayi, ndi ya Lachitatu. Anati Lachitatu."

"Ananena ndani?"

A Nasoni anayang'ana a Wiza, anayang'ana Eveless, ndipo amene anawathandiza ndi a Alinesi, atapinda mawondo mwaulemu monga amachitira kumudzi polankhula ndi bambo wamkulu.

"Pepani bambo, Lachitatulo ndinauza telala. Inu sindinakuuzeni kanthu."

Ndinatulutsa makatoni awiri aja n'kuwalumikiza pa boneti ya galimoto yawo. "Iyi inali m'envulopu ya Eveless. Iyi inali m'shati mwavalayo. Sizasi ndi ya Abdulwahab, ndipo akukudandaulani. Suti munaoda pasipoti isanasowe. Chikwama cha Lisa ndinachikhuthula ndekha Lachiwiri, munalibe kanthu, ndipo chiyambire pamenepo Lisa sanachoke ku Area 11."

"Munalowa bwanji? Kiyi ali ndi ine ndekha."

"Ndinawatsegulira ndine," anatero mayi Dinah ali pakhonde. Sanakweze mawu, ndipo sanatsike masitepe.

Apa ndi pamene utcheyamani unatha. Anayamba za kuti tikambirane ngati anthu akuluakulu, za kuti kalabu anaiyambitsa ndi iwo, za kuti zaka zonsezi palibe anawathokozapo. "Mwana wa kumudzi akanakalankhula chiyani pamaso pa azungu?" anatero. "Ine ndimafuna kuteteza ulemu wa dziko."

Mnzanga anawaveka unyolo pamwamba pa manja a shati ofupikitsidwa bwino aja. Ine ndinatembenuka, chifukwa ndikanayankha ndikananena zosayenera yunifolomu. Munthu sanathamangepo ngakhale kuchoka pageti kufika pamsewu, koma ankafuna kukaima pa nsanja ya akatswiri a dziko lonse, mwini thukuta akulira kuseri kwa nyumba, mnzake atatchedwa njoka n'kuchotsedwa ntchito. Ndinauza Lisa kuti kwa abwana ake ndikapita naye ndekha masana omwewo.

A Wiza anali ataliza kale injini. "Tiyeni, mama, kubwalo la ndege ku Lumbadzi n'kutali."

"Dikirani," anatero a Alinesi. "Mwana sanganyamuke ulendo wotere osapemphera."

Tinaima pomwepo pageti, wakuba ali m'galimoto ya apolisi. A Alinesi anagwada pa udzu, a Wiza anavula chipewa, Lisa anaweramitsa mutu. Ine ndinali pa ntchito, ndiye ndinasiya maso ali otsegula, ndipo n'chifukwa chake ndinaona. Eveless, mwana woleredwa m'tchalitchi, anali atagwira pasipoti ndi manja awiri pachifuwa, milomo ikutsatira pemphero la mayi ake. Kuyambira poyamba mpaka pa ameni, sanatsinzine.